Mutu 5: Chinsinsi cha Tawhiri

1. Pageti

Tawhiri anagwa pageti la kwawo Lachiwiri m'mawa, akuchokera kothamanga m'mbali mwa nyanja. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, mnyamata wadzitho amene ankagwetsa mitengo ya paini m'mapiri sabata yonse, Loweruka n'kukagwetsanso anzake pa mpira wa ragibi. Mlongo wake Ngahuia, wa zaka khumi ndi zisanu, ankayanika zovala pachingwe. Anamuona akugwira geti, akumwetulira ngati akufuna kunena kanthu kachipongwe monga mwa masiku onse. Kenako maondo anapindika.

Ambulansi inatenga mphindi makumi anayi, pajatu mudzi wa Te Awanui uli kumathero kwa msewu. Anthu a mu ambulansiyo anayesetsa mpaka thukuta kamukamu, koma pamapeto pake wamkulu wawo anaimirira n'kuvula magolovesi. Amayi a Tawhiri, a Mereana, anadzigwetsa pachifuwa pa mwana wawo n'kuyamba kulira.

Mudzi wonse unkafunsa funso limodzi. Munthu wamphamvu chotere angafe bwanji osadwala ngakhale chimfine? Ngahuia yekha sankafunsa nawo. Iye ankadziwa kanthu, ndipo mantha anali atamuumitsa pakamwa.

Tawhiri anali atakomokapo kawiri. Ulendo woyamba kunali kumiyala, atangovuuka m'madzi momwe ankagwira nkhanu, ndipo Ngahuia ndiye anamukokera kumtunda. Ulendo wachiwiri kunali kuseri kwa galaja, akunyamula zitsulo zolimbitsira thupi. Maulendo onse awiri anatsitsimuka patapita kanthawi n'kuyamba kuseka.

"Iwe Kamphuno, waona chiyani?" anamufunsa tsiku la kugalaja lija, akumuitana ndi dzina lachipongwe limene anamupatsa.

"Munakomoka, achimwene. Milomo inachita kuda bii."

"Sunaone kanthu iwe. Ukangouza amayi, mawa ndili kwa dokotala. Dokotala akalemba kalata, abwana andilanda makina ochekera, kochi andikhazika pabenchi. Ndiye ukufuna ndizikhala pano n'kumasenda mbatata ndi iwe? Lumbira kuti suuza munthu."

Ngahuia analumbira. Anyamata a msinkhu umenewu ndi otero, amaopa benchi kuposa manda, ndipo akafuna wowasungira uchitsiru wawo amasankha mwana amene amawakonda kwambiri.

Koma nkhani sinathere pa Tawhiri. Mwezi wapitawo, mng'ono wake wa Ngahuia, Kiriwai, wa zaka zisanu ndi zinayi, anakomoka padziwe losambira la kusukulu. Aphunzitsi anati ndi dzuwa. Amayi anati n'chifukwa chothawa phala m'mawa. Ngahuia ndiye anakamutenga tsiku limenelo, ndipo anaona milomo yake. Lero pageti anaonanso milomo yomweyo. Ngati chimene chapha Tawhiri chili m'magazi a banja lawo, ndiye kuti Kiriwai akuyenda nacho. Wodziwa zimenezi anali Ngahuia yekha.

2. Mlendo wovula nsapato

Amuna ananyamula mtembo n'kukaugoneka pamatiresi pabalaza. Azimayi anali atateleka kale madzi oti amusambitse pamene galimoto ya polisi inaima panja. Munatuluka mayi wachizungu wa imvi, dzina lake Mayi Baird. Anavula nsapato pakhomo asanauzidwe, ndipo zimenezi anthu anaziona.

"Pepani kwambiri," anatero atakhala pansi. "Ine ndine wapolisi, koma sindinabwere kudzagwira munthu. Ndabwera m'malo mwa woweruza wa za imfa. Dokotala wa pa kiliniki yanu wakana kulemba chikalata cha imfa, chifukwa Tawhiri anamuona komaliza ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, atathyoka chala. Munthu akamwalira mwadzidzidzi, chomupha osadziwika, lamulo limati thupi likhale kaye m'manja mwa woweruzayo. Chonde musamusambitse, musamusinthenso zovala. Galimoto ikubwera kudzamutengera ku mochale ya chipatala cha m'tauni."

Kenako ndodo yosema inagunda pansi. Anali Koro Eruera, mchimwene wa malemu agogo awo aamuna, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, imene imalankhulira banja lonse pa marae, bwalo la makolo awo.

"Mukamutenga mukamutani?"

"Woweruza angathe kulamula kuti dokotala apime thupi. Nthawi zina amangoyang'ana kunja n'kutenga magazi. Nthawi zina amatsegula."

"Ayi."

"Muli ndi ufulu wokana, Koro. Muli ndi maola makumi awiri ndi anayi kuyambira tsopano, ndiye kuti mpaka mawa leveni koloko. Pali pepala losaina. Woweruza amawerenga zifukwa zanu, n'kuziyeza ndi zimene ife tapeza. Ndiponso mungathe kupita naye n'kukakhala pafupi naye. Ndapempha kale chilolezo, chifukwa ndikudziwa kuti kuno wakufa sasiyidwa yekha."

Kenako anatulutsa kabuku n'kuyamba kufunsa mmodzimmodzi. Kodi ankamwa mankhwala aliwonse? Kodi anadandaulapo za chifuwa? Kodi anagwapo kapena kukomoka? Aliyense ankapukusa mutu. Atafika pa Ngahuia, mtsikanayo anayang'ana kapeti.

"Iwe ndiwe unamuona akugwa. Kodi zoterezi zinamuchitikirapo kale?"

"Ayi," anatero Ngahuia.

Mayi Baird anamuyang'ana kanthawi, kenako analemba.

Mayi Baird atatuluka kukayimba foni, Koro Eruera anaitana achinyamata onse kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Tcherani khutu, adzukulu anga," anatero. "Ine ndinali ndi zaka ngati za Ngahuiayu pamene mng'ono wanga wina anafa pangozi ya thalakitala. Anabwera anthu a boma, sanavule nsapato, sanafunse munthu. Anamuponya m'galimoto ngati thumba la ubweya. Anakhala naye masiku asanu ali yekhayekha m'chipinda chozizira, opanda womuimbira, opanda womuuza kuti ali kuti. Atabwera naye, mayi anga anati amupese tsitsi, n'kupeza mutu utasokedwa ndi ulusi kuchokera khutu ili mpaka khutu ili. Mutu wa munthu, chinthu chimene ngakhale ife sitichilumpha, sitidutsitsapo chakudya. Mayi anga sanasekenso mpaka kufa kwawo. Ndiye ndikukuuzani, mayi uyu ndi waulemu, sindikukana, koma kabuku kake n'ka boma. Mawu aliwonse amene mungawonjezere ndi mpeni umene mukuwapatsa. Tawhiri anali wabwinobwino, nthawi yake inakwana, basi. Akakufunsani muyankhe zomwezo. Mwana ameneyu abwerera kwawo wathunthu, akagona pakhonde la nyumba ya makolo ake masiku atatu, ndipo tikamuika pafupi ndi bambo ake. Amene atsegule pakamwa mopusa adziwe kuti iye ndiye wang'amba mbale wake."

Ngahuia anasowa kolowera. Akalankhula, Tawhiri amung'amba ndipo banja lonse lidziwa kuti iye anabisa matenda. Akakhala chete, Kiriwai apitiriza kusambira. Anasuzumira pazenera n'kuona mwanayo atakhala pamasitepe, atavala jezi ya mchimwene wake yofika m'maondo.

Masana omwewo galimoto zitatu zinatsatira galimoto ya mtembo, ulendo wa maola atatu. Kiriwai anatsala ndi azakhali ake a Ripeka, amene ankatsogolera azimayi kukonza zakudya za pamaliro.

3. Funso la mnzake wa kusukulu

Pafupi ndi mochale panali chipinda cha achibale. Munali matiresi asanu, ketulo, ndi beseni la madzi pakhomo loti munthu azidziwaza potuluka. Tawhiri anamugoneka pabedi lamatayala m'kachipinda kolumikizana nacho, atamufunditsa nsalu yoyera mpaka m'khosi. Azimayi ankasinthana kukhala pambali pake, ndipo sanamusiye yekha ngakhale mphindi imodzi.

Lachitatu m'mawa Ngahuia anatumidwa kukagula mkaka wothira mu tiyi. Sanadye chilichonse chichokereni kunyumba. Pobwerera anapeza Mayi Baird atakhala pabenchi m'khonde, akudya sangweji ya mazira, mapepala ali pamiyendo.

Anadutsa. Anabwereranso. Anaimirira poteropo ngati wasochera.

"Khala pansi, mwanawe, ungagwe," anatero Mayi Baird.

"Ndimafuna ndifunse za mnzanga wa kusukulu," anatero Ngahuia. "Mnzangayo ankadziwa kuti munthu wina akudwala, ndiye sananene. Munthu uja n'kufa. Kodi mnzangayo mungam'mange?"

Mayi Baird anaika sangweji pansi. Anzawo a kusukulu oterewa anali atamva za iwo kambirimbiri pa ntchito yake, koma sanaseke.

"Mnzakoyo ukamuuze kuti woweruza wa za imfa samanga munthu ndipo saloza munthu chala. Ntchito yake ndi kuyankha mafunso ochepa chabe. Wamwalira ndani, liti, kuti, ndipo chamupha n'chiyani. Kenako pali funso lomaliza, limene ine ndimaliona lalikulu: kodi pali chimene chingachitike kuti wina asafe imfa yomweyo? Ine ndimamusonkhanitsira zimene anthu anaona, dokotala amamupatsa zimene thupi lanena, iye n'kuphatikiza. Koma thupi silinena zonse. Pali matenda ena a mtima amene sasiya chizindikiro, ndipo dokotala sangawafunefune m'magazi ngati palibe womutsina khutu."

"Nanga banja likakana?"

"Woweruza amamva. Ngati aliyense akunena kuti munthuyo sanadwalepo, ndipo palibe chokayikitsa, nthawi zina amalola kuti thupi lipite osatsegulidwa. Pachikalata amalemba kuti chomupha sichinadziwike, nkhani n'kuthera pomwepo." Anamuyang'ana m'maso. "Ndikuuze chilungamo. Chilichonse chimene mnzakoyo angandiuze, ndiyenera kuchilemba, ndipo banja lidzachimva. Sindingamunamize kuti ndimusungira."

Ngahuia anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo ndodo ya Koro Eruera inamveka ikugunda simenti kumapeto kwa khonde. Mtsikanayo anadzambatuka n'kuthawira m'chipinda, mkaka n'kuuiwala pabenchi.

4. Mawu kwa wakufa

Itakwana hafu pasiti teni, pepala lokana linali patebulo, cholembera chili pamwamba. A Mereana ndiwo anayenera kusaina. Mayi Baird anaimirira pakhomo, atavulanso nsapato.

"Tisanasaine, mwiniwakeyu amve," anatero Koro Eruera. "Nkhaniyi ndi yake. Tiyeni kwa iye."

Onse analowa m'kachipinda kaja n'kuzungulira bedi. Kwa anthu a ku Te Awanui wakufa amamva mpaka tsiku lomuika, choncho amalankhula naye maso ndi maso. Amamuyamika, amamuseka, ngakhale kumukalipira kumene. Pa zokambirana za akuluakulu mwana wa zaka khumi ndi zisanu alibe mawu. Koma pamaso pa mtembo aliyense amalankhula, ndipo munthu akamalankhula ndi wakufa sadulidwa pakamwa, ngakhale ndi mwini ndodo.

Koro anayamba, n'kumuuza Tawhiri kuti asaope, akupita kwawo lero lomwe. Amalume ake a Hoani, amene ankaphunzitsa timu ya ragibi, anamusisita phewa.

"Aise, wachita zamwano," anatero misozi ikutsika. "Loweruka tikusewera ndi anyamata a kutsidya, ndiye jezi ya nambala eyiti ndiveke ndani? Mnzako Manaia? Uja amathawa mpira ngati ukuluma."

Anthu anaseka m'misozi. Azimayi awiri analankhula, wina anayambitsa nyimbo. Nyimbo itatha, a Mereana anatembenuka kuti akatenge cholembera.

Ngahuia anasendera kutsogolo. Anagwira chitsulo cha bedi. Sanayang'ane Koro, sanayang'ane amayi ake. Anayang'ana nkhope ya mlongo wake.

"Achimwene, ndine Kamphuno," anatero. "Achimwene, munandilumbiritsa, koma ine ndalephera. Munakomoka kumiyala mwezi wa Okutobala, ine n'kukukokani. Munakomokanso kuseri kwa galaja Khirisimasi isanafike. Munati ndisauze amayi, ine sindinawauze. Dzulo ndinanamizanso apolisi. Ndikanati ndinene, bwenzi mwina muli pabenchi, mukunditukwana, koma muli moyo. Tsiku lija Kiriwai anakomoka kudziwe la kusukulu, milomo yake inada ngati yanu. Si phala ayi, achimwene. Ine ndikuopa. Sindikufuna akung'ambeni, koma sindikufunanso kudzaimirira chonchi pa Kiriwai. Ngati mukwiye, kwiyani."

Palibe anamudula. Palibenso anamugwira paphewa.

"Unkadziwa?" Anali amayi ake, ndipo mawu awo anali otsika kwambiri. "Miyezi itatu ukudya nane patebulo limodzi, ukudziwa?"

"Inde, amayi."

A Mereana anatembenukira kukhoma. Kwa Ngahuia kukanakhala bwino akanangomumenya mbama.

Koro Eruera anatsamira ndodo, mutu uli pansi. Aliyense ankadikira kuti mphezi igwere mtsikanayo. Koma atadzutsa mutu, nkhalambayo inayang'ana mtembo.

"Tawhiri, ndiwe chitsiru," inatero. "Ndikukuuza pamaso pa abale ako. Unatenga katundu wolemera amene iwe mwini unamuopa, n'kumusenzetsa kamwana. Unati ukuteteza ntchito, ntchitoyo lero akugwira ndani? Koma usadandaule, suli wekha pa uchitsiruwu, tilipo awiri. Mereana, mwana wanga, tembenuka umve, chifukwa zimenezi ndazisunga zaka zisanu ndi zinayi. Mwamuna wako, bambo wa ana awa, anamira m'madzi ofika m'chiuno, munthu amene ankasambira kukafika pachilumba n'kubwerera. Tonse tinati nyanja yatenga wake. Koma kutatsala milungu iwiri anagwa m'boti langa, maso n'kutembenuka. Atadzuka anandigwira mkono n'kunena kuti, 'Koro, Mereana ndi woyembekezera, musamuopseze.' Ine ndinasunga. Tsiku la maliro ake ndinakana kuti amupime, ndinaima pakhomo ndi ndodo yomweyi, ndipo anthu ananditama kuti ndateteza mwambo. Akanamupima nthawi ija, mwina mnyamata uyu bwenzi akumwa mankhwala lero."

Anatembenukira achinyamata amene anaimirira kukhoma.

"Inu nonse, dzulo ndinakuuzani kuti mutseke pakamwa. Ndinalakwa. Mverani zimene ndikunena tsopano. Mnzako akakuuza kuti usunge chinsinsi cha chibwenzi chake, sunga. Akakuuza kuti wagunditsa galimoto ya bambo ake, mwina sunga, akaulula yekha. Koma munthu akagwa pamaso pako, akakomoka, akasanza magazi, n'kukuuza kuti ulumbire, usalumbire. Ngati walumbira kale, phwanya tsiku lomwelo. Adzakuda mlungu umodzi, mwina mwezi, koma adzakuda ali moyo. Ine ndakalamba ndi chinsinsi changa ndipo onani chimene chandibweretsera. Mwana uyu wasunga chake miyezi itatu, n'kupeza mtima umene ine ndinausowa zaka zisanu ndi zinayi. Amene akufuna kumukalipira ayambire kwa ine."

Kenako anatambasula dzanja kwa Mayi Baird.

"Mayi, bwerani ndi kabuku kanu. Koma tikambirane za mutu wake."

5. Zimene woweruza ananena

Mayi Baird analemba mawu a Ngahuia ndi a Koro, n'kuwawerengera kuti atsimikize. Kenako anayimbira woweruza foni n'kuiika patebulo kuti onse azimva. Woweruzayo anali bambo wolankhula pang'onopang'ono, ndipo anayamba ndi kupepesa maliro asananene china chilichonse.

Koro anapempha zinthu zitatu: kuti mutu usakhudzidwe, kuti pachitike pemphero dokotala asanayambe, ndiponso kuti chilichonse chotengedwa m'thupi chidzabwezedwe. Woweruza anati adikire kaye afunse dokotala. Anadikira mphindi khumi.

"Dokotala akuti, malinga ndi zimene mtsikanayo wanena, chimene akufuna kuona ndi mtima ndi magazi," anatero woweruza atabweranso. "Ayamba wajambula thupi lonse pamakina. Ngati chithunzi cha mutu chilibe vuto, mutu saugwira. Ngati chili ndi vuto, ndikuyimbiraninso musanamve kwa wina. Pemphero lichitike, ndipo mmodzi wa inu akhale pakhomo mpaka dokotala atamaliza. Apima masana ano. Mawa m'mawa ndisaina kuti mumutenge."

"Nanga zotengedwazo?" anafunsa Koro.

"Adzatenga magazi ndi tizidutswa ta mtima tating'ono ngati njere za mpunga. Mudzalandira kalata yonena chilichonse chimene chatengedwa. Akamaliza kuyeza adzakubwezerani m'kabokosi kuti mukakwirire pamanda ake. Ndisakunamizeni, yankho lenileni silibwera msanga. Za magazi zimatenga miyezi, ndipo chigamulo changa cholembedwa chingathe kutenga chaka kapena kuposa. Mudzapatsidwa munthu wa mu ofesi yanga woti muzimufunsa pamene nkhani yafika. Mwina sipadzafunika kuti mubwere kukhoti. Pakadzafunika, mudzauzidwa nthawi ilipo."

A Mereana anatenga pepala lokana lija, n'kulipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la siketi. Sanayang'anebe Ngahuia. Mtsikanayo anakhala pakona ya matiresi, maondo ali pachibwano, akudzifunsa ngati amayi ake adzamuitanenso ndi dzina.

Patangopita kanthawi chitseko chinatseguka. Analowa dokotala wamkazi wamfupi, wovala zobiriwira, amene anayenera kupima Tawhiri. Anadziwaza madzi a m'beseni mosazolowera, n'kufunsa kuti mayi wa malemu ndi ati.

"Sindinayambe ntchito yanga, ndiye sindinganene kuti chamupha n'chiyani," anatero. "Koma ndawerenga zimene mwana wanu wanena, ndipo sindikufuna kudikira miyezi. Bambo anamira, mnyamata wagwa akuthamanga, kamtsikana kanakomoka m'madzi. Pali matenda ena oyenda m'banja amene amasokoneza kagundidwe ka mtima munthu akamathamanga kapena akalowa m'madzi ozizira mwadzidzidzi. Akadziwika, mankhwala ake alipo ndipo anthu amakalamba nawo. Ndalankhula ndi anzanga a za mtima, akufuna kuona ana anu onse awiri mawa. Kufikira atawayeza, asathamange, ndipo chachikulu, asalowe m'madzi. Wamng'onoyo ali kuti?"

"Ali kumudzi ndi azakhali ake," anatero a Mereana. Anali atatulutsa kale foni.

Foni inaitana mpaka kuduka. Anayimbanso, inadukanso. Ngahuia anaimirira. Kunja dzuwa la Januwale linali litafika pamutu, ndipo iye ankadziwa bwino zimene ana a ku Te Awanui amachita dzuwa likatentha chonchi.

Ulendo wachitatu a Ripeka anayankha, mapoto akulira kumbuyo kwawo.

"Pepani mlamu, manja anali mu ufa. Zikuyenda bwanji kumeneko?"

"Kiriwai ali kuti?"

"Kiriwai? Ali bwinobwino, wadya. Anawa amangotipingapinga kukhitchini kuno, ndiye ndawathamangitsa onse kuti akapitidwe mphepo. Mwanayo walira kuyambira dzulo, ndinati akasewereko ndi anzake."

"Akasewere kuti, Ripeka?"

"Kudoko. Akuti akukachita mpikisano wodumphira m'madzi. Anyamuka kalekale, pano ayenera kuti afika."

Foni inapulumuka m'manja mwa a Mereana. Ngahuia anaiwakha isanafike pansi. Kuchokera kukhitchini ya pa marae kukafika kudoko ndi mtunda wa mphindi khumi kwa munthu wothamanga, ndipo iwo anali kutali maola atatu.

"Azakhali, ndine Ngahuia," anatero. "Musafunse chilichonse. Siyani mapotowo, thamangani."